Achimwene, Msewu Ukamaterera Simungaime?

Achimwene anga amayendetsa thiraki yokatenga katundu kudoko la Durban. Ine ndimagulitsa nanazi pa Chitakale, ndipo kutali kumene ndinafikako ndi ku Limbe. Atabwera kumudzi anandionetsa chithunzi pafoni: msewu uli mbee, magalimoto atandandalikana mpaka kosaoneka. Ndinafunsa ngati anali matalala.

Anati ayi, matalala amagwa ngati miyala, koma ichi ndi chipale chofewa, chimatsika mwakachetechete ngati thonje. Chinagwa usiku wa pa 20 September 2024 pamsewu wa N3, pachitunda cha Van Reenen, pakati pa Harrismith ndi Ladysmith. Anthu anagona m'magalimoto mpaka kucha, ena opanda bulangete, opanda chakudya. Mayi wina wa zaka 39 amene anali m'minibasi anamwalira ndi kuzizira.

Mu September? Mwezi umene kuno timakhala tikupukuta thukuta?

Chinandizunguza china n'chakuti ife tili ndi phiri. Sapitwa ndi mamita 3,002, pamene Van Reenen safika ndi 2,000 omwe. Anyamata a ku Likhubula onyamula katundu wa alendo amati mu June ndi July udzu wa ku Lichenya umadzuka woyera ndi chisanu. Nanga bwanji chipalecho chimakagwa pachitunda chachifupi, ife osachionako pa Chitakale? Achimwene anati kutalika kwa phiri sikokwanira. Ife tili kufupi ndi pakati pa dziko pamene dzuwa limalasa pamutu, iwowo ali kumwera kwenikweni, kumene mphepo yochokera kunyanja zozizira imafika isanafunde.

Ndinafunsanso kuti thonje lingagwetse bwanji thiraki ya matayala ochuluka chonchija. Apa anakhala pansi bwinobwino. Anati tayala limayenda chifukwa limaluma tara. Chipale chikapondedwapondedwa chimalimba, masana chimasungunuka pang'ono, usiku madziwo n'kuundananso kuzizira kukafika pa 0. Ayezi wake amakhala wopyapyala, tara ikuonekera pansi pake, dalaivala n'kumayesa kuti msewu wangonyowa. Pamlatho ndiye pamayamba kuundana, chifukwa mphepo imadutsa pamwamba ndi pansi pomwe. Ukaponda mabuleki mwamphamvu, mutu wa thiraki umafuna kuima koma ngolo yakumbuyo siimva, imakhota n'kubwera kudzakupeza. Ku Britain, buku la malamulo apamsewu limachenjeza kuti mtunda woimira galimoto pa ayezi ungatalike kuwirikiza ka 10.

Akuti kumayiko ozizira amawaza mchere mumsewu kuti madzi asaundane msanga, ena amamanga matcheni kumatayala. Mchere womwewu wa m'ndiwo, matani ndi matani. Ndinakhala chete kuganiza za mtengo wake.

Koma funso langa lenileni linali lina. Kodi a zanyengo sananene? Anati ananena, masiku angapo chipalecho chisanagwe. Nanga munanyamukiranji? Anayang'ana pansi. Anati katundu ali ndi tsiku lake, bwana amaimba foni, ndipo ukaima wekha anzako akupita, mawa ntchito amapatsa wina.

Apa mpamene sindikumvetsa mpaka lero, chifukwa zimenezi ndimaziona kuno komwe. Chiperoni chikafika kuchokera ku Mozambique, nkhungu imatseka minda ya tiyi, mawawa osaleka masiku atatu, tara n'kukhala ngati yapakidwa thelere. Pamsewu wa ku Thyolo sutha kuona munthu amene ali kutsidya kwa msewu. Koma minibasi ikuthamanga ngati kuli dzuwa, mwina nyali imodzi yokha ndiyo ikuyaka, kondakitala akupukuta galasi ndi dzanja. M'mbali muli ana asukulu, amayi osenza nkhuni, akabaza opanda chowala chilichonse kumbuyo. Ifenso okwera timangokhala duu. Dalaivala akachepetsa liwiro, pamapezeka wina wonena kuti, "Adalaivala, tikuchedwa."

Tikuchedwa kupita kuti kumene sikungadikire nkhungu kuti ichoke? Mayi uja wa m'minibasi ya pa N3 anali ndi kwawo kumene ankamudikira. Ndani amene akanamukalipira atafika mawa lake?

Tsiku lonyamuka ndinawakulungira achimwene bulangete lochindikala ndi mtedza wokazinga. Tili pasiteji ndinawagwira mkono n'kunena kuti, "Achimwene, chikadzagwanso, mudzaima?" Asanayankhe, foni inalira m'thumba mwawo. Anayang'ana dzina la woimbayo, n'kuyankha ndi manja awiri.