Ulemu Upite kwa Tinyale ta pa Dashibodi

Mu Lusaka muno timaombera m'manja milatho yodutsa pamwamba ya pa Munali ndi pa Arcades, koma palibe amene anaimirirapo n'kuthokoza antchito okhulupirika kuposa onse mu mzindawu: tinyale tachikasu ndi tofiira toyaka kuseri kwa chiwongolero. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, nyumba za ku Kabwata ndi ku Chelstone zinkakhala mu mdima kuposa theka la tsiku. Kodi munamvapo kuti kanyale ka injini kazima chifukwa cha chilala? Ayi ndithu. Kankayaka m'mawa pa Burma Road, n'kuyakabe madzulo pa mndandanda wa magalimoto wa pa Great East Road, osapempha ndi ngwee yomwe ya mayunitsi.

Choyamba kuyamikira ndi umodzi wawo. Tinyale timeneti sitidziwa kulira patokhatokha. Zili ngati pa maliro a kumudzi: mayi mmodzi akangoyamba, mudzi wonse umalandira, ngakhale amene sanamve kuti wamwalira ndani. Mu Toyota zambiri, kanyale ka injini kakayaka, ka VSC ndi ka TRC nato timayaka, osati chifukwa mabuleki kapena matayala ali ndi vuto, koma chifukwa pulogalamu ya m'galimotomo inalembedwa kuti injini ikadandaula, enawo asiye ntchito. Chiyambi cha chibale chimenechi ndi CAN, njira imene kampani ya Bosch inatulutsa mu 1986 kuti timakompyuta ta m'galimoto tizilankhulana pa mawaya awiri okha. Kamodzi kakangokhala chete, ena onse amalemba madandaulo. Batire likafooka pa m'mawa wozizira wa mu June, magetsi n'kutsika pang'ono poliza injini, dashibodi yonse imadzuka. Sensa ya pa gudumu ikamwa madzi a mvula ya mu January m'misewu yosefukira ya m'tauni, ABS imayamba nyimbo ndipo anzake amavomera.

Tsankho nalonso tinyaleti sitilidziwa. Vitz yotopa imene inatsika sitima ku Dar es Salaam n'kulowera pa Nakonde imayatsa kanyale komweko kamene kamayaka mu Range Rover ya bwana wa ku Kabulonga. Ndipotu bwanayo ndiye wodalitsika kwambiri, poti galimoto yake ili ndi makompyuta ochuluka, choncho olira ndi ambiri. Wa Vitz amalandira kanyale kamodzi kapena tiwiri. Bwana amalandira ndi uthenga wolembedwa, ndi kabelu komwe. Ena a ife mwayi wathu ndi wakuti uthengawo umabwera m'Chijapanizi, ndiye timangouyang'ana mwaulemu n'kupitiriza ulendo.

Nanga mabanja amene tinyaleti timadyetsa? Pansi pa chiwongolero pali kabowo ka mapini 16, kamene dziko la America linalamula kuti kazikhala m'magalimoto atsopano kuyambira 1996, pofuna kulondola utsi. Azungu ankaganiza za mpweya wabwino, osadziwa kuti akutsegulira ntchito mnyamata wa laputopu wa pansi pa mtengo ku Kabwata. Iye amalumikiza chingwe, n'kukwinya nkhope, n'kunena kuti, “Mudala, apa pavuta, ni P0420.” Nambalayi imatanthauza kuti chosefera utsi cha mu ekizozi sichikugwira bwino, ndipo nthawi zina chifukwa chake n'chakuti wina anachichotsa kalekale n'kukagulitsa, poti mkati mwake muli platinamu. Mnyamatayo amadina batani, tinyale tonse zii, inu n'kulipira mukumwetulira. Mukafika pa Woodlands, kapena mawa lake, kanyale kabwerera pamalo pake. Sikuti mwaberedwa. Kufufuta nambala si kukonza galimoto, ndipo kanyaleko kali ndi khalidwe losowa masiku ano: sikasintha mawu chifukwa choti munthu wapereka ndalama.

Pali nthawi zina pamene galimoto ilibe vuto lina koma maganizo ake okha. Mu February 2014, Toyota inaitanitsa magalimoto a Prius pafupifupi 1.9 miliyoni padziko lonse chifukwa cha cholakwika mu pulogalamu, chimene chinkatha kuyatsa tinyale n'kufooketsa galimoto ili pa msewu. Mankhwala ake anali kulowetsa pulogalamu yatsopano basi. Koma kalata yoitanira galimoto yotere imapita kwa mwini wake wolembedwa m'kaundula wa ku Japan. Galimoto ikawoloka nyanja n'kuyamba kunyamula makala pa Leopards Hill Road, ndani angaitumizire kalata? Kanyale kokha ndi kamene kamatsala kakukumbukira. Mwini watsopano amasintha mapulagi, kenako koyilo, kenako sensa ziwiri zogula m'mashopu a m'tauni, ndipo ogulitsa masipeya onse amagona atakhuta.

Tsono taonani mmene timabwezera zabwino zonsezi. Wina amamata tepi yakuda pagalasi. Wina amaikapo chithunzi cha mwana wake kapena kakhadi ka vesi. Wina amachotsa waya wa batire kwa mphindi zingapo kuti kompyuta iiwale, makamaka m'mawa wa tsiku lopita kukayezetsa galimoto ku RTSA. Ogulitsa ena ochenjera amafika pomasula dashibodi n'kuzimitsiratu kanyaleko, moti wogula wanzeru amayamba watembenuza kiyi osaliza injini, kuti aone ngati tonse tikuyaka kaye tisanazime. Kamene sikayaka pa nthawi imeneyo ndiye kuti kanatsekedwa pakamwa.

Ulemu wapadera ndausungira kofiira kooneka ngati kabotolo ka mafuta kodontha. Tachikasu tija timalola kuti muyende nato miyezi, kupatula ka injini kakayamba kuphethira, pamene pafunika kuima msanga. Kofiiraka sikakonda zokambakamba. Kamayaka pamene oilo wasiya kuzungulira mokwanira mu injini, ndipo kamapereka mphindi zochepa kwambiri. Koma poti anzake anatizoloweza kale kuti kuwala kwa pa dashibodi n'zokongoletsa, dalaivala amangoti, “Nako kabwera,” n'kuponda mafuta kuti adutse maloboti a pa Church Road asanatseke. Sabata yotsatira mumamupeza ali pa foni, akufunsa mtengo wa injini ina yochokera ku Japan, makanika ali pambali pake akuwerengera kale fizi ya ana ake ya teremu yamawa.