Piyano ya Laurel ndi Hardy

Sindikumvetsa chimene anthu amasekera mu The Music Box, filimu ya 1932. Ine ndikuonamo khama basi. Stan Laurel ndi Oliver Hardy asenza piyano pa masitepe ataliatali ku Los Angeles. Ikuwapulumuka kangapo, gudubu gudubu mpaka pansi, ikudziimbira yokha m'bokosimo. Atafika pamwamba thukuta lili kamukamu, wa positi akuwauza kuti msewu wodutsa ngolo ulipo. Poti ndi anyamata omvera malangizo, akuitsitsanso kuti ibwere kudzera njira yoyenera. Bambo mwini nyumba, odana ndi piyano, akuiwaza ndi nkhwangwa, osadziwa kuti ndi mphatso yochokera kwa akazi awo.

Filimuyi inapata Oscar. Ife tikagwira ntchito motere amangotipatsa alawansi.