Kodi agogo anga analembedwa m'buku liti?

Ndamva kuti ku America munthu akafuna kudziwa za gogo wake amene anamwalira zaka 200 zapitazo safunsa azakhali, amafunsa mapepala. Akuti mapepalawo alipo a malo, a msonkho ndi a penshoni. La malo limanena kuti uje anagula munda kwa uje, malire ake kuchokera pamtengo wakuti kukafika kumtsinje. La msonkho limaonetsa chaka chimene munthu anayamba kukhoma m'dera lakuti ndi chaka chimene dzina lake linaleka kuoneka, ndiye wofufuza amadziwa kuti apa mkuluyu anasamuka kapena anatisiya. Koma lokoma zedi ndi la penshoni. Boma la kumeneko litapanga malamulo mu 1818 ndi mu 1832 oti amene anamenya nkhondo yochotsa ulamuliro wa Angelezi azilandira kangachepe, nkhalamba zinkapita kukhoti kukafotokoza ndi pakamwa pawo: ndinabadwira kwakuti, ndinalowa usilikali chaka chakuti, wotitsogolera anali uje. Kalaliki ali lembelembe. Amayi ena amasiye ankachita kung'amba tsamba la m'Baibulo la pabanja pamene panalembedwa tsiku la ukwati wawo n'kutumiza ngati umboni, ndipo masambawo akusungidwabe ku Washington.

Nditamva zimenezi mtima unakhala pansi. Nafenso kuno ku Domasi minda tinali nayo, msonkho tinkakhoma, kunkhondo tinapita. Likulu la dziko linali pa Zomba pompa mpaka 1975, mtunda woti wa njinga amapita n'kubwerako nsima yamasana isanapole. Ngati pali anthu m'Malawi muno amene boma linkawaona tsiku ndi tsiku ndiye ndi ife. Tsono agogo awo a mayi anga, amene amati anasenza katundu pa nkhondo ya Chiwaya, ya 1914 mpaka 1918 ija, ayenera kuti alipo m'buku lina lake. Inu ophunzira, ndithandizeni, ndi buku liti?

Tiyambe ndi malo. Ndauzidwa kuti kuyambira mu 1892 Harry Johnston ankapereka kwa azungu zikalata zotchedwa Certificate of Claim, zotsimikiza kuti malo akutiakuti ndi awo. Pachikalatapo pali dzina la mzungu. Nkhani yake imatchulanso mfumu imene akuti inagulitsa malowo, nthawi zambiri posinthana ndi nsalu, mikanda, mfuti kapena onga. Zikalata zambiri zinali ndi mawu akuti midzi ndi minda yopezeka pamalopo isasunthidwe popanda chilolezo cha boma. Zabwino ndithu. Koma eni midzi ndi minda ija mayina awo ali pati? Munthu amene anagwetsa mitengo, kuzula zitsa, n'kuikapo manda a ana ake, ndi munthu amene anabwera ndi mpukutu wa nsalu, woyenera kulembedwa anali ndani? Ine ndimayesa pepala la malo limalemba mwini malo.

Alomwe amene anabwera pambuyo pake kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhanza za Apwitikizi, sanatetezedwe n'komwe ndi mawu aja, chifukwa amati anapeza esiteti ilipo kale. Iwo ndiwo anasenza kwambiri goli la thangata, lomwe linatha mu 1962. Kapitawo ankachonga tikiti tsiku likakwana, ndipo masiku akakwana tikitiyo inkatha ntchito. Kodi alipo anaganizapo zosungira mdzukulu tikiti ya thangata?

Kunja kwa maesiteti, m'midzi ya mfumu Malemia ndi ya Kuntumanji, munda sunkalembedwa. Malire amadziwa ndi amfumu, mwini mbumba ndi chulu. Ndipo apa ndi pamene mutu wanga umaima. Kwathu kuno, Ayao, Anyanja ndi Alomwe omwe, munda umatsata mayi. Mwamuna amabwera kudzakhala chikamwini, ukwati ukatha amanyamula mphasa ndi nkhwangwa yake n'kubwerera kwawo. Mzere wa banja umayenda kuchokera kwa gogo wamkazi, kupita kwa mwana wake wamkazi, kufika kwa mdzukulu wamkazi, onse pamalo amodzi. Koma boma likafuna wokhoma msonkho, wogwira ntchito kapena wonyamula mfuti linkafuna mwamuna. Ndiye buku linkathamangitsa mlendo wa pamudzi, n'kusiya eni mudzi ali phee pamtondo. Pano lamulo la malo a makolo la 2016 likuti tikhoza kulembetsa minda yathu. Ndingofunsa: pamzere wa dzina tilembapo ndani, amayi, amalume, kapena bambo amene anabwera ndi nkhwangwa aja?

Za msonkho ndiye ndinali ndi chikhulupiriro chonse, pakuti palibe boma limene limaiwala wangongole wake. Azungu oyamba oyang'anira maboma udindo wawo weniweni unali kutolera ndalama. Pofika 1894 nyumba iliyonse inkakhoma mashilingi 3 pachaka, ndipo wamitala ankakhomera nyumba ya mkazi aliyense. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 msonkho unafika mashilingi 6, koma wogwira ntchito mwezi umodzi kwa mzungu ankakhoma theka. Kodi pamenepa boma linkafuna ndalama kapena manja? Olephera kukhoma ankawatenthera nyumba, ndipo kunali kugwira akazi n'kuwasunga mpaka amuna awo atabweretsa ndalama. Mesenjala akaoneka kumsewu amuna ankakwera phiri la Malosa kapena kutsikira kumabango a ku Chilwa. Tsono wa ku America akaona dzina lasowa m'kaundula amati gogo anasamuka kapena anamwalira. Nanga ine ndikapeza kuti agogo anga asowa m'kaundula wa chaka chakuti, nditi chiyani? Anamwalira, anapita ku Halale, kapena anali ndi liwiro?

Komanso ndikafufuze dzina liti? Mwana ankabadwa n'kupatsidwa dzina. Akatuluka kujando kapena kuchinamwali ankabwera ndi lina, ndipo kumutchula la paubwana kunali kumunyoza. Akabatizidwa ankalandira la m'Baibulo, akalowa Chisilamu la Chiarabu. Kuntchito bwana akalephera kutchula ankangomupatsa lake lomwe lamufikira pakamwa, ndipo wothawa ngongole kapena wothawa usilikali ankadzipatsa yekha lina. Chimene lero timati dzina la bambo chinalidi dzina la bambo, osati la banja, motero linkasintha m'badwo uliwonse. Kalaliki naye ankalemba mmene khutu lake lamvera. Munthu mmodzi mayina anayi kapena asanu, ndipo pamudzi ponse ankangomutcha ndi chiwongo kapena kuti bambo a uje. Inu amene mumadziwa kufufuza, mumayambira dzina liti?

Wina anandiuza kuti ndisavutike, ku Zomba kuli nyumba yosungira zakale ya National Archives of Malawi, yomwe inayamba mu 1947. N'zoona, ndipo muli chuma: makalata a boma, mabuku amene ma DC ankalembamo mbiri ya mafumu ndi midzi, milandu ya m'makhoti, zolemba za mamishoni. Koma mu 1919 moto unatentha maofesi aakulu a boma pa Zomba pomwepo, n'kupsereza mapepala ambiri a kuyambira 1891. Taonani zakazo: ndi zaka zomwezo za zikalata za malo, za msonkho woyamba, za John Chilembwe mu 1915, za nkhondo ya Chiwaya. Aku America nawonso moto unawaonongera kalembera wa 1890 pamene unabuka mu 1921, koma iwo akhala akuwerengana zaka khumi zilizonse kuyambira 1790, choncho buku lina likapsa amatsegula loyandikana nalo. Ife kalembera wa nthawi ya atsamunda ankadalira kwambiri kuwerenga nyumba ndi okhoma msonkho, ndipo woyamba wa dziko lodzilamulira anachitika mu 1966. Ndiye loyandikana nalo lathu ndi liti?

Tibwere kunkhondo, pakuti apa ndi pamene ndikhalitsepo. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 dziko lino, lomwe linali ndi anthu ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi, linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. Amtengatengawo ambiri ankachita kugwidwa m'midzi, mfumu ikalamulidwa kuti ipereke amuna angapo. Ankasenza ufa, zipolopolo ndi mabokosi kulowera ku Tanganyika ndi ku Mozambique, kutsata asilikali amene ankathamangitsana ndi Mjeremani von Lettow-Vorbeck. Ambiri anafa ndi kamwazi, njala ndi chibayo, ndipo otsala anakumana ndi chimfine choopsa cha 1918. Mukamalowa mu Zomba kuchokera ku Blantyre mumaona nsanja ya njerwa yokumbukira asilikali a Keyala, pafupi ndi Cobbe Barracks. Msilikali anali ndi nambala, ndipo wokhala ndi nambala amasiya mapazi papepala. Nanga wosenza chakudya cha msilikaliyo? Kodi mfuti ikanalira popanda amene ananyamula zipolopolo pamutu kuchokera ku Karonga?

Funso ili sindine woyamba kulifunsa. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission, losamala manda a ankhondo, linatulutsa lipoti lovomera kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa pankhondoyo, ambiri a iwo a mu Africa muno, sanakumbukiridwe ndi mayina awo kapena sanakumbukiridwe n'komwe, pamene mzungu aliyense ankamufunira mwala wake. Nduna ya zachitetezo ya ku Britain pa nthawiyo, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo. Kupepesa n'kwabwino, ife Amalawi timakulemekeza. Koma kodi kupepesa kumabweza dzina?

Penshoni nayo ili ndi zake. Asilikali ambiri akuda ankapatsidwa kandalama kamodzi kotsanzikira n'kuuzidwa kuti azipita kwawo. Wotumikira zaka zambiri mphotho yake ina inali kukhululukidwa msonkho. Apa ndiye ndinaseka ndekha. Msilikali wa ku America mphotho yake inamulowetsa m'buku, nkhani yake yonse n'kulembedwa. Wathu mphotho yake inali yoti wokhometsa msonkho, munthu yekhayo amene ankamufunafuna chaka ndi chaka, asiye kumufuna. Amene anakhala pansi kufunsa nkhalamba zathu kuti munapita kuti, munaona chiyani, sanali kalaliki wa penshoni ayi. Anali mphunzitsi wa mbiri yakale wochokera ku America, Melvin Page, amene m'zaka za m'ma 1970 anayenda ndi omuthandiza a Chimalawi kucheza ndi otsala a nkhondoyo, n'kudzalemba buku lotchedwa The Chiwaya War. Nkhondo inali itatha zaka zoposa 50. Bwanji anafunika kuchokera kutali chonchi munthu wofunsa funso limene mdzukulu aliyense akanatha kufunsa pakhonde? Zina zinasungidwa m'miyendo: gule wa beni amene anyamata a kuno amavina ndi perete wa asilikali uja, wasanduka chisangalalo. Koma beni satchula kuti uje anafera pati.

Amene anapita ku Joni ndiye analembedwa bwino, mpaka kudinda zala, chifukwa bungwe lowalemba ntchito ya kumigodi la Wenela silinkafuna kuti munthu wake asowe. Ulendowo unaima mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 ochokera kumigodi, kenako unayambiranso pansi pa bungwe la Theba. Mpaka lero madoda a Theba akuyendabe ndi timapepala tawo m'majumbo kufunsa za ndalama zawo. Koma matchona amene analowera ku Halale paokha, n'kukwatira konko, n'kusintha dzina, analemba ndani?

Kwatsala kutchalitchi. Mishoni ya Domasi inayambitsidwa mu 1884 ndi Alexander Hetherwick wa mpingo wa Church of Scotland, ndipo amishoni anali anthu okonda kulemba: ubatizo, ukwati, ana a sukulu. M'mabuku otere ndi mmene mayi amalembedwa ndi dzina lake, osati ngati nyumba yokhomera msonkho. Wa banja la Chikhristu ayambire kumeneko. Koma chigwa chino cha Domasi chili ndi mizikiti yambiri, ndipo agogo ochuluka sanalowe m'tchalitchi kapena mumzikiti. Amenewo sanabadwe?

Ndisanamize anthu kuti ku America onse ali pabwino. Kalembera wa 1850 ndi wa 1860 ankalemba akapolo popanda mayina: zaka, mwamuna kapena mkazi, khungu, pansi pa dzina la mwini wawo. Ambiri mayina awo anayamba kuoneka mu 1870. Mdzukulu wa kapolo akafuna gogo wake amakamupeza pamndandanda wa chuma cha munthu wina, pakati pa ng'ombe ndi mipando. Ndiye kodi buku limalemba munthu chifukwa ndi munthu, kapena chifukwa wina ali naye phindu?

Mwina munena kuti siya mapepala, pita kwa azakhali. Ndimapita, ndipo amatchula amayi asanu motsatizana osapuma, ndi mudzi umene aliyense anachokera. Palibe ofesi ingachite zimenezo. Koma chaka sakupatsani. Amati nthawi ya dzombe, kapena njala ya 1949 isanafike. Ndipo nawonso ali ndi masamba amene amang'amba dala. Chigwa chino chinali njira ya malonda a akapolo mpaka m'zaka za m'ma 1890, ndipo m'midzi yambiri muli mabanja amene kholo lawo linabwera litagwidwa. Mukafunsa za gogo woteroyo nkhalamba imangoti anachokera kutali, n'kuyamba kufunsa ngati mwadya. Pamenepo ndiumirire kapena ndidye?

Chitupa cha unzika chinabwera mu 2017, ndiye zidzukulu zathu zidzatipeza ife. Koma a m'mbuyomo atsala m'masutikesi. Inu amene muli ndi chiphaso chakale cha msonkho, kabuku kotulukira usilikali, khadi la ubatizo kapena pepala la Theba, chonde musayatsire mbaula, lijambuleni pafoni mutumizire abale. Ngati panyumba pali mendulo ya nkhondo yoyamba ija, itembenuzeni muone m'mphepete mwake: Angelezi ankadindamo nambala, dzina ndi gulu la msilikali. Koperani nambalayo m'kope, ndipo kope lomwelo mupite nalo kwa azakhali akuuzeni mayina a amayi aja, mulembe onse.