Tiombere m'manja mantha a ku Stokesay

Ngwazi zatamandidwa mokwanira. Lero tipatse ulemu mantha, mlonda wokhulupirika amene wasunga nyumba ya Stokesay, m'chigawo cha Shropshire ku England, kwa zaka zoposa 700.

Amene anaimanga, Laurence wa ku Ludlow, sanali msilikali. Anali mponda matiki wogulitsa ubweya wa nkhosa, munthu woti ngakhale mfumu inkakongola ndalama kwa iye. Mu 1291 Mfumu Edward I inamulola kumanga malinga, ndipo nyumbayo inazunguliridwa ndi ngalande, nsanja yake n'kumaoneka yoopsa ukaionera patali. Koma chipinda chachikulu chodyeramo anachiboola mazenera ataliatali, oti mdani angasankhe yekha polowera. Nzerutu zimenezo! Nyumba yotere mdani saigumula, amangogogoda. Tsoka la Laurence linabwera pomwe analimba mtima: mu 1294 anakwera chombo ndi ubweya wake, namira m'nyanja.

Ulemerero weniweni wa mantha unaoneka mu 1645, pa nkhondo ya pakati pa Mfumu Charles I ndi Nyumba ya Malamulo. Asilikali a mfumu anali mkati, adani ali panja. Chipata chinali chamatabwa, chomangidwa cha m'ma 1640, chosemedwa bwino, Adamu ndi Hava ali pomwepo. Chipata chokongola chonchi n'kuchipereka ku moto chifukwa cha mfumu yomwe ili kutali? Atauzidwa kuti agonje, mkulu wa asilikaliwo anayamba wakana, poti mwambo unkafuna choncho. Atauzidwanso, anatsegula.

Yerekezani ndi Hopton, linga la m'dera lomwelo. Kumeneko mu 1644 amuna anauma mutu kwa milungu ingapo, ndipo atagonja anaphedwa pafupifupi onse. Lero pangotsala bwinja. Stokesay inangogumulidwa mpanda wakunja, basi.

Ngakhale pambuyo pake nyumbayi sinadzikweze. Inalola kusungiramo mbewu, inalolanso wosula zitsulo kugwira ntchito pansi pa nsanja mpaka moto unabuka mu 1830. Amene anadzaiombola mu 1869 sanali kazembe wankhondo, koma John Derby Allcroft, wopanga magolovesi.

Inu a English Heritage, amene mukuiyang'anira tsopano, zipilala za olimba mtima zachuluka kale m'dziko lanulo. Mangani chimodzi cha bambo uja anatsegula chipata.