Khoma la Suti Yobwereka

Randburg, Joni

Achimwene,

Inu amene mwakulira pa mabuloko ndi simenti ya Chilanga m'mayadi a ku Kabulonga, khalani pansi ndikuuzeni za makoma akuno, chifukwa anzanga kuno anazolowera, ndikamawauza saseka.

Adona ena anandiitanira ganyu. Mwana wawo analendewera pa chitsulo chopachikapo thaulo m'bafa, chitsulocho n'kuzuka ndi chibenthu cha khoma, pansi ufa mbuu. Ndinasuzumira pabowopo. Achimwene, m'katimo mulibe kanthu! Mdima ndi mphepo basi. Khoma lonse ndi bolodi la gypsum, kuno amati Rhinoboard, kuchindikala kwake ngati mamilimita 12, pepala uku, pepala uku, penti pamwamba. Ndipo munthu akulipira lendi ya marandi ambirimbiri kuti azigona kuseri kwa pepala.

Khoma limeneli ndi mkamwini wa suti yobwereka. Pofika pakhomo amawala, apongozi mpaka nthungululu. Koma tamugogodani: phu, phu, phu, m'mimba mwa njala. Za khasu musatchule n'komwe, thaulo lonyowa lokha limamugwetsa. Madzi ndiye amawaopa koopsa, chinyezi chikamulowa amafewa. M'bafa mumayenera kulowa mbale wake wobiriwira, wopirira chinyezi, koma amene anamanga nyumbayi anangotola mkamwini wotchipa.

Munthu wotere sukamba naye yekha, umafuna ankhoswe ake. Ankhoswewo ndi zitsulo zoimirira kuseri kwa bolodi, zotalikirana masentimita 60. Umagogoda khoma mpaka liwu lisinthe, kapena kuyendetsa maginito mpaka agwire, ndipo sikuluwu ikaluma pamenepo ndiye kuti mlandu wamveka. Tsoka ilo, pamene adona amafuna thaulo lawo panalibe nkhoswe ndi mmodzi yemwe. Kusitolo amagulitsa timasikuluwu tamapiko, totambasuka kuseri kwa bolodi, koma bowo linali litakula kale, mapikowo akanagwira mphepo.

Ndiye ndinachita kumupezera malume. Ndinadula pofumbutuka ponse ndi mpeni mpaka bowo likhale la makona anayi, n'kulowetsa thabwa kuseri, kulimanga ndi masikuluwu uku ndi uku, kenako kachigamba ka bolodi pamwamba. M'mphepete tepi, pa tepi phala la pulasitala, liume, kupala ndi sandipepa, kumatanso. Penti itauma, mkamwini anabwerera mu suti yake ngati sanachitepo manyazi, pomwe thaulo alisenza ndi malume ali kuseri, osaoneka, osathokozedwa. Adona anakoka chitsulocho ndi manja awiri, akuti ndine katswiri, n'kundipatsa R400 ndi buledi wa dzana. Inu mukanabwera ndi tcheselo ndi hamala yanu ija, mukanatulukira kuchipinda chogona.

Za makoma tisiye pomwepo. Achemwali andiuza pa WhatsApp kuti amayi anagonekedwa kuchipatala cha UTH mwezi watha. Bwanji inu simunandiuze? Tinalankhula, munandifotokozera za mitengo ya mabuloko ku Kalingalinga, za amayi osatchulako. Ndikudziwa mumati ndisade nkhawa, koma kumva kwa wina n'kowawa kuposa.

Kubwera sindingathe. Masiku a pasipoti anatha kalekale, ndipo ndikangotulukira pa Beitbridge andidinda kuti ndisalowenso, ndiye tonse tidzadya chiyani? Maganyu nawo akusowa, eni chipinda safuna kumva nkhani, ndipo madzulo ndikaona galimoto ya apolisi ndimakhota njira.

Ndalama ndinatumiza pa Mukuru ija musagulirenso mabuloko. Nyumba ya ku Mtendere iime kaye pomwe yafikapo, mungofunditsa simenti yotsalayo mvula isanayambe. Gulani mankhwala onse amene adokotala alemba, yotsala ikhale ya chakudya cha amayi ndi thiransipoti yobwererera kuchipatala. Mwezi ukatha ndiwonjezera, ngakhale pang'ono. Akafunsa, muwauze kuti ndili bwino, ndanenepa. Za mapepalazi musawauze.

Lamlungu mukaweruka kutchalitchi mupite kwa amayi, mundiimbire muli nawo pafupi, ndimve mawu awo ndekha. Mayunitsi ndikutumizirani Loweruka.

Moni kwa alamu ndi ana.

Ine mng'ono wanu.