Kope la Ngongole ndi Abale Ake a m'Kompyuta

Johannesburg

Kwa Amalume, ku Mateus Sansão Muthemba, Tete,

Database ndi kope la ngongole limene linapita kusukulu. Ntchito yake ndi yomwe ija ya kope lachikuto chakuda limene limagona pansi pa kauntala m'golosale ya amalume: kusunga dzina la munthu, katundu amene watenga, tsiku ndi ndalama zotsala. Kungoti database sinyowa ndi mafuta ophikira, ndipo mbuzi ya aneba singadye tsamba la mwezi wa Malichi ngati muja zinachitikira chaka chija.

Mtundu umene amalonda ambiri amagwiritsa ntchito umatchedwa relational database. Nzeru yake inachokera kwa Edgar Codd, katswiri wa masamu wobadwira ku England amene ankagwira ntchito ku kampani ya IBM ku America, ndipo anailemba m'chaka cha 1970. Mfundo yake ndi yakuti chinthu chilichonse chilembedwe kamodzi, pamalo amodzi. Makasitomala akhale ndi tebulo lawo, katundu tebulo lake, zogulitsa za tsiku ndi tsiku tebulo lawonso, ndipo matebulowo azilumikizana ndi manambala. M'kope la amalume munthu mmodzi amapezeka katatu: patsamba lina ndi "Bambo a njinga", kwina "Mlamu wa aphunzitsi", kwinanso "Uja wa ku Matundo", ndipo pakutha pa mwezi atatu onsewo amaloza mnzawo kuti ngongole ndi yake. M'database munthuyo amapatsidwa nambala imodzi yosabwerezeka, ngati NUIT ya a msonkho. Kaya agulitse njingayo, kaya awoloke Zambezi n'kukabisala ku Chingodzi, nambala imamutsata.

Pofunsa database amagwiritsa ntchito chilankhulo chotchedwa SQL, chimenenso chinabadwira ku IBM m'zaka za m'ma 1970. Munthu amailamula kuti itulutse onse amene ngongole yawo yadutsa mametikali 500 koma sanaonekere kuyambira pa Khirisimasi, iyo n'kuwandandalika pompopompo, popanda kunyambita chala potembenuza tsamba. Sidziwa chibale. Apongozi amatuluka pamndandanda womwewo ndi woyendetsa kabaza.

Ubwino wina umene kope lilibe ndi wakuti ntchito imachitika yonse kapena osachitika n'komwe. Ndalama ikamachoka pa M-Pesa kapena e-Mola ya wogula kupita kwa wogulitsa, pali zolemba ziwiri: kuchotsa uku ndi kuwonjezera uko. Magetsi akathima pakati pa ziwirizo, database yabwino imabweza zonse mmene zinalili, kuti ndalama isatsakamire m'malere. Nkhani ya magetsiyi si ya ku Tete kokha. Mawaya a Cahora Bassa amayenda makilomita pafupifupi 1,400 kudzathira moto pa siteshoni ya Apollo kufupi ndi Joni, komabe anthu akuno anakhala zaka akudya nsima pa kandulo motsata ndandanda ya kuthima kwa magetsi.

Mkulu wa banja lonse la ma database ndi Oracle. Kampani yake anaiyambitsa Larry Ellison ndi anzake awiri mu 1977, ndipo pulogalamu yoyamba kugulitsidwa mu 1979 anaitcha yachiwiri, poopa kuti palibe angagule chinthu chotchedwa choyamba. Wamalonda aliyense wa pamsika wa Kwachena angaimvetse nzeru imeneyo. Oracle ndi ya mabanki, makampani a mafoni ndi maboma, kumene anthu zikwizikwi amalemba nthawi imodzi usana ndi usiku. Laisensi yake kawirikawiri imawerengedwa potengera mphamvu ya makina, ndiye makina akakula mtengo umakula nawo, ndipo imafuna mlonda wakewake wophunzira, wolandira malipiro oposa phindu la golosale la chaka chonse. Kuigula pofuna kuwerengera sopo ndi kapenta kuli ngati kubwereka sitima ya malasha ya ku Moatize kuti ikatenge thumba limodzi la masawu.

Microsoft SQL Server inatuluka mu 1989. Imamvana ndi Windows ndi Excel ngati ana a mimba imodzi, n'chifukwa chake mapulogalamu ambiri owerengera ndalama m'maofesi amakhala pamsana pake. Ili ndi mtundu waulere wotchedwa Express, umene kwa zaka zambiri malire ake anali magigabayiti 10 pa database iliyonse. Golosale ya pabwalo singadzaze zimenezo ngakhale adzukulu atalowa m'malo. Bizinesi ikakula kupitirira pamenepo ndi pamene wogulitsa laisensi amatulukira, atavala tayi.

MySQL ndiyo ili ndi mbiri yonga milandu ya kumudzi. Inatuluka mu 1995 kuchokera ku kampani ya ku Sweden, ndipo mmodzi mwa oiyambitsa, Michael Widenius wa ku Finland, anaitcha dzina la mwana wake wamkazi, My. Mu 2008 kampani ya Sun inaigula ndi madola biliyoni imodzi. Pasanathe zaka ziwiri, Oracle inameza Sun yonseyo pamodzi ndi MySQL. Bamboyo, poona kumene mwana wamkulu akukakwatiwa, anatenga mbewu yomweyo n'kukayamba munda wina, ndipo anautcha MariaDB, dzina la mwana wake wamng'ono, Maria. Awiriwa amafanana kwambiri moti wodziwa mmodzi savutika ndi mnzake. Onse amapezeka mwaulere, amathamanga, ndipo ndiwo anyamula mawebusayiti osawerengeka, kuphatikizapo ambiri omangidwa pa WordPress. Wofuna kugulitsa nsomba za chikowa pa intaneti angayambire pamenepa. Chizindikiro cha MySQL ndi dolphin yotchedwa Sakila, dzina limene anapereka munthu wa ku Eswatini, dziko lopanda nyanja yamchere.

PostgreSQL chizindikiro chake ndi njovu, ndipo khalidwe lake ndi lomwelo: siiwala, sichita phuma. Inayambira pa yunivesite ya California ku Berkeley mu 1986 pansi pa Michael Stonebraker, n'kutenga dzina lake la lero mu 1996. Palibe kampani imodzi imene ili mwini wake, choncho palibe angadzuke m'mawa n'kuigulitsa. Ndi yaulere koma yamwambo: wolemba akaika "mawa" pamalo a ndalama, imakana ngati msungichuma wa mpingo. Pa bizinesi ya nthambi ziwiri kapena zitatu, yokhala ndi sitoko, ngongole ndi msonkho wa IVA zofunika kuwerengedwa molondola, wolemba kalata ino amaika voti yake pa njovu. Dzina lake lokha ndilo lovuta. Ngakhale mabwana akuno amangoti Postgres n'kupitirira.

Kamng'ono pa onse ndi SQLite, imene Richard Hipp anailemba mu 2000. Siifuna seva kapena mlonda. Database yonse ndi fayilo imodzi. Amalume ali nayo kale m'thumba, pakuti foni iliyonse ya Android ndi iPhone imakhala nayo, ndipo mauthenga a WhatsApp opempha ndalama ku Joni amasungidwa mmenemo. Chofooka chake n'chakuti imalola dzanja limodzi kulemba pa nthawi imodzi. Pa kauntala imodzi ndi yokwana kwathunthu. Excel, imene ambiri amaiyesa database, ndi kope lomwe lija litavala suti: munthu angalembemo dzina limodzi katatu, iyo n'kungoyang'ana.

Posankha, funso loyamba ndi lakuti ndi manja angati amene azilemba nthawi imodzi. Lachiwiri, lomwe ogulitsa makompyuta salitchula, ndi lakuti zikadzasokonekera adzakonza ndani. Pulogalamu yaulere imene mu Tete monse mulibe woidziwa imatuluka yodula kuposa yolipira imene mnyamata wa kuseri kwa msika amaitha.

Lachitatu ndi bakapu, kutanthauza kukopera zonse n'kuzisunga kwina. Pa holoselo ina ya kuno, kumene wolemba kalatayi amanyamula makatoni masana n'kuphunzira zamakompyuta madzulo, bwana ankachita bakapu Lachisanu lililonse mosaphonya, n'kuisunga m'kompyuta momwemo. Akuba atabwera anangonyamula kamodzi. Angongole onse a holoseloyo anakhululukidwa usiku umodzi popanda kulapa. Ku Tete mdani wina ndi kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala, kumene kumadutsa madigiri 40 pansi pa malata, pamodzi ndi fumbi lolowa m'kafani ka makina. Bakapu iyenera kugona nyumba ina, pa fulashi kapena pa intaneti, ndipo kamodzi pamwezi aziyesa ngati ikutsegukadi.

Laputopu yakale yokhala ndi pulogalamu ya SQLite yakwera basi yodzera ku Beitbridge ndi Nyamapanda, yokulungidwa m'bulangete la agogo. Tchaja idzatsatira mwezi wamawa. Pa tebulo la angongole, nambala 1 yasungidwira wolemba kalatayi, pa ndalama ya thiransipoti imene anabwereka ponyamuka.

Mwana wa mlongo wanu,
wa ku Joni