Walira Land Rover, walira oyilo

Makolo anati walira mvula walira matope. Ankanena mlimi amene wakhala akuyang'ana kumwamba kuyambira Okutobala, koma mvula itagwa n'kuyamba kudandaula kuti njira ya kumunda yaterera. Masiku ano mwambiwu ukuyenera kulembedwa pachitseko cha aliyense amene wagula Land Rover yakale ya Series, zija zinkanyamula ma DC, ansembe a ku mishoni ndi mabwana a m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje. Munthu amaisirira zaka zambiri, n'kuipeza, n'kuikoka ndi chingwe mpaka kunyumba. M'mawa mwake amapeza kadontho kakuda pasimenti pamene mayi a kunyumba anakolopa dzulo.

Galimotozi zinayamba kutuluka ku Solihull, ku England, mu 1948, ndipo Series III yomaliza inapangidwa mu 1985. Ngakhale chitsirizira cha banjali ndi nkhalamba ndithu. Thupi lake ndi la aluminiyamu, poti nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha chitsulo chinali chosowa ku Britain, choncho kunjaku imaoneka yathanzi pamene kunsi ikukha thukuta. Eni ake amaseka okha kuti Land Rover ikasiya kudontha ndiye kuti oyilo watha.

Komatu madontho sali ofanana. Ena amangoipitsa bwalo. La kumbuyo kwa transfer box, pamene propshaft yopita ku matayala a m'mbuyo imayambira, ndi la chiwembu, chifukwa handibuleki ya galimotoyi sili kumatayala ayi. Ndi dilamu limodzi lomangidwa pomwepo, logwira shafiti. Oil seal ya pamenepo ikatopa, oyilo amalowa m'dilamu n'kunyowetsa zogwira za buleki, ndipo handibuleki imasanduka chokongoletsera. Ndiye mwini wake, bambo wolemekezeka wovala jekete, akaima pa chitunda cha ku Zomba amayamba wakuwa: "Iwe, thamanga, ika mwala!" Mwana wa m'nyumba yotere amadziwa kusankha mwala wabwino asanadziwe kuwerenga.

Chochititsa zonsezi ndi seal ija, kamkombero kokwana m'dzanja, kotsika mtengo kuposa oyilo amene kataya. Timikombero ta masiku ano ndi ta mphira. Takale tinali ta chikopa, ndipo amakaniko ankatiika m'oyilo usiku wonse ngati nyemba zoti ziphikidwe mawa.

Ntchito yake imayamba ndi miyala yomwe ija, kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala, pakuti ukangomasula propshaft palibenso chogwira galimoto, ndipo wagona kunsi kwake ndiwe. Kenako kukhetsa oyilo wa EP90, malita awiri ndi theka kapena kuyandikira pamenepo, amene fungo lake limakakamira malaya mpaka mayi a kunyumba kulamula kuti ovoloziyo igone panja. Manati anayi a propshaft amafuna sipanala ya 9/16, ya muyezo wa mainchesi. Apa ndi pamene mnansi wa Toyota amabwera ndi mtima wabwino ndi bokosi lake la mamilimita: ya 14 ikukana kulowa, ya 15 ikungozungulira n'kudya makona a nati. Amabwerera kwawo akunena kuti Angelezi anali ndi nkhanza. Zikatero dilamu lichoke, kapini kokhoma nati yaikulu kazulidwe, natiyo imasulidwe, flange yomangirapo propshaft isololedwe. Seal yakale uitokose mosamala kuti usakande aluminiyamu wa m'mbali mwake. Yatsopano uipake oyilo pamlomo, mlomowo uyang'ane m'kati kumene kuli oyilo, n'kuikhomera pang'onopang'ono mowongoka. Yolowa chopendama imayamba kudontha galimoto isanatuluke pageti.

Pofika apa ambiri amasamba m'manja n'kuyamba kuimba mluzu. Afulumira. Mlomo wa seal wakhala ukukhula flange ija zaka makumimakumi, ndipo mphira wofewayo amakumba kamzere m'chitsulo, koti chikhadabo chimakodwamo. Seal yatsopano ikakhala pa kamzereko, oyilo amangodutsa njira yake yakale. Mankhwala ake ndi flange ina, kapena kachitsulo kopyapyala kovalitsa pamwamba, monga Speedi-Sleeve ya SKF. Makaniko wabwino wa ku Biwi kapena ku Ndirande amayamba wayendetsa chala pa flange asanatchule mtengo. Wina amangosintha seal, kuti adzaonanenso ndi bwanayo mwezi wamawa.

Oyiloyo ali ndi njira inanso yozembera: amakwawa m'timizere ta shafiti n'kutulukira kunsi kwa nati, n'chifukwa chake pamenepo pali kawashala ka feliti kamene anthu amakonda kukaiwala pa benchi. Natiyo nayo ili ndi nkhani. Imafunika kumangidwa kufika pa 85 lb ft, osati pa muyezo wa "ndamva yagwira", chifukwa kagiya koyendetsa sipidomita kamagwidwa ndi kuthina kwa nati yomweyo. Ikakhala yolobodoka, muvi wa sipidomita umayamba kuvina manganje, ndipo dalaivala sadziwa liwiro lake mpaka wapolisi wa pamsewu atamuuza. Chabwino n'choti Land Rover ya dizilo ya 2.25 siikhala ndi milandu yambiri ya liwiro.

Zogwira za buleki zimene zamwa oyilo n'zotaya basi. Alipo amene amazitsuka ndi petulo kapena kuziwamba pamoto, n'kunena kuti zauma. Zimaumadi pamwamba, koma zikatentha oyilo wa m'kati amatulukanso, kawirikawiri pa chitunda chomwe chija.

Tinene kuti zonse zayenda bwino, kumbuyo kwauma, handibuleki yagwira, mwana wapuma pantchito ya miyala. Apa mpamene mwini wake amayamba kuyeza oyilo mwachidwi, n'kuona zachilendo: mu transfer box oyilo akuchuluka yekha popanda wothira, pamene mu giyabokosi akuchepa. Si zozizwitsa. Pakati pa mabokosi awiriwa palinso seal ina, ndipo nayo yatopa. Kuti ifikiridwe nthawi zambiri giyabokosi imayenera kutuluka, ndipo kutulutsa giyabokosi ya Series kumayamba ndi kuzula mipando ndi malata a pansi pake. Makaniko akamva nkhaniyi sadandaula ngakhale pang'ono. Amangopukuta manja n'kufunsa mwaulemu: "Bwana, mwezi uno muli ndi ulendo uliwonse?"